Galimoto Yathu Si ya Apongozi Anu

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Area 25 tilipo, kungoti BP ya alamu anu yakweranso.

Loweruka apongozi anu anatilawirira ndi madengu, nkhuku ndi gulu la abale awo, ati inuyo munawauza kuti alamu anu akawatule ku chinkhoswe ku Mchinji. Za mafuta sanatchule n'komwe. Ndinawaonetsa galimotoyo ili phee pansi pa mtengo wa mango, m'thanki mulibe ngakhale dontho, kenako ndinawalozera ku siteji ya minibasi. Anachoka akung'ung'udza, ndipo ine sindipepesa.

Ndinu amene munatikakamiza kutenga ngongole ya galimoto ya zaka zisanu ija, mumvekere alamu anu, mphunzitsi wa ku sekondale, sayenera kupanikizana m'minibasi. Lero banki imadula malipiro asanafike m'manja mwathu, ana akudyera bonya sabata yonse, ndipo alamu anuwo akupita kuntchito pa kabaza, makiyi a galimoto ali m'thumba.

Chonde, musadzalonjezenso munthu galimoto yomwe simulipira. Mukafuna kutchuka kwa apongozi anu, muzitumiza ya mafuta.

Mulungu akusungeni, koma foni yanu mwezi uno sindiyankha.

Ine mlongo wanu,
Nachisale