Tigani Wasiya Tenisi

Amayi, kodi kumene muliko kukuyenda bwanji?

Ife kuno tilipo. Masamba ayamba kuyoyoka m'mitengo ndipo m'mawa kwayamba kuzizira, kuzizira kuja munkati kumalowa m'mafupa osaodira. Ku South Bend kuja munatisiya tinasamukako. Bambo a Yankho anapeza ntchito pa chipatala china ku Indianapolis, ine n'kutsatira, moti tsopano tikukhala ku Lawrence, m'nyumba yokhala ndi kadimba kumbuyo. Chaka chino nkhwani wachita bwino mpaka ndagawirako amayi a kutchalitchi. Tomato ndiye atimalizira agologolo. Amaluma kamodzi n'kutaya, n'kupita kukaluma wina.

Kumudzi, mpongozi wanu, mkazi wa Dalitso, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Denga la nyumba yanu likudontha pakona ya kuchipinda. Dalitso akuti akonza mvula isanayambe, koma mukumudziwa mwana wanu.

Nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya Tegan, mtsikana wa ku Australia uja inu munkamutchula kuti Tigani. Wasiya tenisi. Ndaona kuti muyenera kumva mmene zinathera, poti poyambira pake munalipo.

Mukukumbukira chaka chimene munabwera kudzacheza nafe, Yankho akadali wamng'ono, mano akutsogolo ataguluka. Mumzinda munali mpikisano wa tenisi, ndipo okonza ake anapempha mabanja kuti asungeko osewera amene sakanakwanitsa kugona ku hotela. Ife anatipatsa Tegan. Anafika ndi chikwama chachikulu kuposa iye mwini, mphuno itasupuka ndi dzuwa, akuti kwawo ndi katauni ka alimi a nkhosa. Tinapita kukamuonera, inu mutamanga chitenje pamwamba pa jekete la bambo a Yankho. Atamenya mpira wabwino munaimba nthungululu masewera ali mkati, ndipo bambo wokhala pa mpando wautali uja anapempha kuti anthu akhale chete. Munandifunsa mokweza kuti, "Kodi tabwera ku masewera kapena ku maliro?" Tsiku limenelo Tegan analuza. Titafika kunyumba anadzitsekera m'bafa n'kumalira. Inu munaima pakhomo ndi mbale ya mpunga n'kundiuza kuti, "Muuze atuluke. Azilira akudya." Anatulukadi, ndipo anamaliza mbale yonse.

Mutabwerera ku Ntcheu, foni iliyonse munkafunsa za iye. Ndikati waluza, munkati, "Nanga akuvutikiranji?" Ndikati wawina, munkati, "Ndiye akwatiwa liti?" Ntchito yake sindinakufotokozereni bwinobwino nthawi imeneyo, chifukwa nanenso sindinkaimvetsa. Imayenda chonchi. Sabata iliyonse mpikisano umakhala mumzinda wina, nthawi zina dziko lina. Ukaluza kamodzi watuluka, umalongedza chikwama n'kupita kotsatira. Ukamawina dzina lako limakwera, ndipo likakwera kwambiri amakulola kulowa m'mipikisano ikuluikulu yoonetsedwa pa TV. Tegan anakhala zaka zambiri ali pakatikati: wodziwa kwambiri moti sakanasiya, koma wosafika pamwamba pomwe munthu amapuma. Ankachapa zovala zake m'sinki, kugona m'nyumba za anthu osawadziwa, ndipo zimene ankawina zinkathera ku matikiti a ndege. Chaka chilichonse akafika dera lino ankafikira kwathu. Yankho anakulira m'manja mwake. Ndi iye amene anamuphunzitsa kagwiridwe ka laketi, chomenyera mpira chija.

Mutatisiya ndinamuimbira foni ndili pa ulendo wobwera ku maliro. Anali ku Ulaya. Sanalankhule zambiri. Pambuyo pake ndinaona pa chithunzi kuti sabata imeneyo anasewera atamanga kansalu kakuda pamkono.

Chaka chotsatira ndiye chinali chake. Anawina mipikisano ingapo motsatizana, ndipo mu Januwale analowa mu mpikisano waukulu wa kwawo ku Australia. Kumeneko kunali masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene kuno kunali madzulo, chipale chofewa chili mbuu panja. Tinaitana anthu a kutchalitchi, ena ochokera ku Lafayette Square anabwera ndi mandasi, tonse n'kudzaza pabalaza. Anakumana ndi mayi wina wotchuka, amene aliyense ankati amuthamangitsa msangamsanga. Tegan anamugonjetsa. Anagwada pansi, bwalo lonse litaimirira, ndipo kuno m'nyumba nthungululu zinamveka popanda woletsa. Masewera otsatira analuza, koma dzina lake linali litamveka. Miyezi imeneyo ankagona m'mahotela ndipo anali ndi kochi wakewake woyenda naye.

Sizinakhalitse. Phewa lake lakumanja linali litayamba kale kumupweteka, iye n'kumabisa. Tsiku lina mtsempha unaduka ali m'bwalo. Anamupanga opaleshoni kuno ku Indianapolis, ndipo anadzachirira kwathu, m'chipinda cha alendo. Dzanja silinkakwera ngakhale kufika pa khutu. Ndikaweruka ku ntchito ndinkamutsuka tsitsi ndi kumumanga mabatani. Sankadandaula. Ankakhala pansi ndi kamphira kokoka kolimbitsira phewa, kukoka n'kubweza, kukoka n'kubweza, tsiku lonse. Pamene ankachira dzina lake linali litatsikiratu, kochi uja atapita kwa wosewera wina. Anayambiranso pansi, m'timipikisano ting'onoting'ono tomwe tija, akupikisana ndi ana oti anali ku pulayimale pamene iye ankayamba.

Pamenepa ndikuuzeni za mdzukulu wanu, chifukwa nkhani ziwirizi zinakumana. Yankho watalika kundiposa ndipo ali m'chaka chomaliza cha sekondale. Chichewa amamva chonse, ngakhale chimene sitifuna kuti amve, koma amayankha m'Chingerezi. Tenisi amaidziwa. M'dera lathu lino atsikana a msinkhu wake omugonjetsa ndi ochepa. Yunivesite ina inamupatsa malo oti akaphunzire kwaulere kwinaku akuisewerera. Iye anakana. Anati akufuna kuyamba kuyenda m'mipikisano ngati Tegan, sukulu adzaiona m'tsogolo. Bambo ake anati zimenezo sizichitika m'nyumba mwawo. M'nyumba munakhala chete wa mtundu wina, anthu n'kumapatsirana mchere patebulo osayang'anana. Ine ndinali pakati. Bambo a Yankho akandifunsa kuti, "Mayi a Yankho, inu mukuti bwanji?" ndinkati ndikuganizabe. Ndinkaganizadi.

Kumapeto kwa chilimwe kunali mpikisano ku South Bend, pa mabwalo omwe aja munakhalapo inu. Tegan analembetsa, ndipo tonse tinamuperekeza pa galimoto. Anakumana ndi kamtsikana kamphamvu, kosadziwa n'komwe kuti Tegan anaonekapo pa TV. Pa tenisi, woyambitsa mpira amauponya m'mwamba n'kuumenya dzanja lili pamwamba pa mutu, amati kuseva. Seti yoyamba, ndiye kuti chigawo choyamba cha masewera, Tegan anayesetsa. Yachiwiri dzanja linakana kukwera, ndipo anayamba kuseva cham'munsi ngati mwana wongophunzira kumene. Ena mwa oonerera anaseka, ena anayang'ana pansi. Tegan sanatuluke m'bwalo. Anasewera mpaka mpira womaliza, n'kupita kukagwira chanza mtsikana uja.

Pobwerera, msewu wonse unali minda ya chimanga mbali zonse. Bambo a Yankho ankadraiva, ine pambali pawo, atsikanawo kumbuyo. Titayenda ndithu, Tegan anati, "Basi, ndamaliza. Sindiseweranso."

Analankhula ngati akunena za nyengo. Palibe anamutsutsa. Bambo a Yankho anaona kuti mpata wapezeka. Anamuyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Tegan, muuze mng'ono wakoyu zoona. Muuze mmene moyo umenewu ulili."

Yankho nayenso anafunsa, "Atakubwezera kumbuyo, ungasankhenso zomwezi?"

"Inde," anatero Tegan. "Ndingasankhenso."

Ndinaona manja a bambo a Yankho akufinya chiwongolero. Koma Tegan anapitiriza. Anati sabata iliyonse onse amaluza kupatula munthu mmodzi, ndiye amene akufuna ntchito imeneyi azidziwa kuti ntchito yake yeniyeni ndi kuluza n'kudzukanso Lolemba. Anati ukwati wa mkulu wake anauonera pa foni ali pa bwalo la ndege. Anati phewa limenelo lidzamupweteka mpaka kukalamba, ndipo sadzanyamula mwana wake m'mwamba ndi dzanja limenelo. Kenako anati tsiku lija la mu Januwale palibe angamulande.

"Ndiye ine ndipange chiyani?" anafunsa Yankho.

"Sindine mayi ako, sindingakusankhire," anatero Tegan. "Koma ndingakuonetse pamene uli. Loweruka tikasewere seti imodzi, yeniyeni."

Yankho anaseka n'kunena kuti sangamenyane ndi munthu wa dzanja limodzi. Tegan anati abwere basi.

Loweruka m'mawa tinapita ku mabwalo a paki, kufupi ndi nyumba zina zakale za asilikali. Oonerera tinali ine ndi bambo ake, ndi nkhalamba ina yoyendetsa galu. Tegan anaseva cham'munsi kuyambira poyamba. Amayi, ine tenisi ndinaiona tsiku limenelo. Yankho ankamenya mwamphamvu kuposa Tegan, ankathamanga kuposa Tegan, koma mpira uliwonse unkabwerera pamalo pamene iye wangochokapo. Akayandikira neti, mpira unkadutsa pamwamba pa mutu wake. Akabwerera kumbuyo, unkagwera pafupi ndi neti n'kufera pomwepo. Tegan ankaoneka ngati akungoyendayenda. Seti imakhala ndi magemu angapo, koma inatha Yankho asanawine gemu ngakhale imodzi.

Pa neti Tegan anamuuza kuti, "Dzanja lako ndi labwino kuposa langa pamene ndinali msinkhu wako. Koma umamenya mpira, sumenya munthu. Ndipo atsikana amene ukakumane nawo kumeneko, onse ali ndi mapewa awiri."

Yankho analongedza laketi yake. Analowa m'galimoto nkhope itatupa. Bambo ake, amene ndinkayesa kuti asangalala, ndi amene anakhumudwa kwambiri. Anandinong'oneza kuti, "Akanamusiyirako imodzi." Ndinati akanamusiyira bwenzi atamunamiza.

Masiku angapo mwanayo sankalankhula ndi Tegan. Ankadutsana m'khitchini ngati anthu okwera basi imodzi. Kenako tsiku lina ndinawapeza pabalaza atakhala pansi, Tegan akumuonetsa ndi mabotolo a madzi kuti wosewera amaima pati ndipo chifukwa chiyani. Sabata yomweyo Yankho anauza bambo ake kuti malo a ku yunivesite aja awavomera. Anawonjezera kuti asaganize kuti awina, chifukwa pa tchuthi azikalowa timipikisano ting'onoting'ono, ndipo akamaliza sukulu adzayesabe. Bambo ake anati zimenezo adzakambirana nthawi yake ikakwana. Ndiye nkhaniyo sinathe, yangoimitsidwa. Koma patebulo anthu ayambanso kuyang'anana.

Tegan ananyamuka mwezi watha. Wabwerera ku katauni kake ka nkhosa. Akuti kuli mabwalo awiri ong'ambikang'ambika, ndipo akufuna kuwakonza kuti aziphunzitsa ana akaweruka ku sukulu. Funso lanu lija la ukwati ndinamufunsa m'malo mwanu tili pa bwalo la ndege. Anaseka n'kunena kuti pali mnyamata wina wokonza mathirakitala amene wakhala akumudikira, koma sanalonjeze kanthu. Chikwama chachikulu chija anachinyamula ndi dzanja lamanzere. Sitinalire kwambiri. Anthu anali ambiri pamzere ndipo galimoto tinaiimika pamalo osaloledwa kukhalitsa.

Ine ntchito ikuyenda, kungoti bondo layamba kundivuta ndikaima nthawi yaitali. Ndagula nsapato zina.

Chaka chamawa mvula ikatha, Yankho akangomaliza sekondale, tibwera tonse atatu kudzaika chiliza pamanda panu. Takambirana kale ndi Dalitso ndipo ulendo umenewu sitisintha. Yankho akuti akufuna kudzalankhula nanu yekha, m'Chichewa, ndipo wayamba kuyeserera m'chipinda mwake chitseko chili chotseka. Wandichenjeza kuti za Loweruka lija ndisauze munthu aliyense, adzakuuzani yekha. Ine ndakuuzani kale. Akadzayamba kufotokoza, mudzangokhala ngati mukumva koyamba.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Tiyamike