Makiyi a Shopu ya Mayi Abena

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Kuno ku America, mumzinda wa Indianapolis, kwayamba kuzizira. Mdzukulu wanu Chisomo, yemwe munamusiya ali m'mimba, tsopano ali ndi zaka zisanu. Chichewa amamva, koma amayankha pa Chingerezi. Chipumi chake ndi chanu chenicheni. Achimwene akuti chaka chino mtedza wachita bwino kumudzi, kungoti denga la khitchini yanu lagwa.

Ndalemba chifukwa ndathedwa nzeru, amayi. Ntchito yosamalira okalamba ija ndinasiya, msana unandikana ndi kunyamula odwala. Ndinakhala pakhomo miyezi yambiri, ngakhale sopo ndinkachita kupempha kwa bambo a Chisomo. Amene ananditola ndi mayi Abena, a ku Ghana, omwe ali ndi kashopu pa Lafayette Road. Amagulitsa nsomba zouma, chinangwa ndi mafuta ofiira, kuseri amaluka tsitsi. Anayamba ndi tebulo limodzi, koma ndi malonda omwewo aphunzitsa ana awo atatu ndi ena a abale awo kwawo. Anandiphunzitsa kuluka ndi kuoda katundu. Anandilolanso kuika mandasi anga pakauntala, okazinga mwa njira yanu ija, ndipo anthu amachita kuwalimbirana.

Mwezi watha mlongo wawo anamwalira ku Kumasi, kwawo ku Ghana. Abale akuti poti iwo ndiwo mwana wamkazi wamkulu, abwerere akasamale mayi awo okalamba. Analira, koma sanakane. Anandiitanira kuseri n'kundifumbatitsa makiyi. Anati, "Shopuyi ana anga sakuifuna. Iwe wakhetsera thukuta muno. Usaitseke."

Sabata yomweyo bambo a Chisomo anapeza ntchito pachipatala ku South Bend, ulendo wa maola pafupifupi atatu pagalimoto. Nditawauza za makiyi sanakweze mawu. Anangoti, "Ine sindinakwatire mkazi woti azinunkha nsomba m'tauni ina. Ukatsala, mwana ndipita naye." Lamlungu kunabwera amayi awiri a kumpingo. Anandikhazika pansi ngati namwali, amvekere mkazi amatsata mwamuna, usatichititse manyazi kudziko la eni. Palibe anandifunsa kuti ndi msana wangawu ndikagwira ntchito yanji kumeneko.

Ndinakumbuka tsiku lija abambo anakuletsani kugulitsa kaunjika pa Mponela. Munangopinda zovala zija, ndipo tili awiri munandiuza kuti, "Iwe ukadzakula, usadzalole munthu akumange manja." Komatu inu munakhala pabanja mpaka imfa. Ndiye nditsate ziti, amayi, zimene munanena kapena zimene munachita?

Loweruka m'mawa bambo a Chisomo anapakira katundu m'galimoto. Ine sindinakwere. Chisomo anali pampando wakumbuyo akundiyang'ana pawindo, amaganiza kuti ndaiwala chinthu m'nyumba. Galimoto itakhota, ndinangokhala pasitepe. Kenako ndinakwera basi n'kukatsegula shopu. Ndinaluka mitu itatu misozi ikugwera m'tsitsi la eni ake. Mayi wina wa ku Congo anandigwira dzanja.

Lero ndi tsiku lachinayi chichokereni mwana wanga. Mayi Abena ananyamuka dzana. Amayi a kumpingo tikakumana akumayang'ana kumbali. Foni yanga bambo a Chisomo sakuyankha, dzulo lokha ndi pamene anamupatsa mwana kuti andiyankhule. Amayi, anandifunsa kuti iye wandilakwira chiyani. Mukanakhalapo bwenzi mutandikalipira kapena kundilimbitsa, koma pano palibe wondiuza chilichonse.

Lamlungu likudzali shopu sitsegula, ndiye ndipita ku South Bend. Kugwada ndikagwada, kupepesa ndikapepesa. Shopu sindiitseka, mwananso sindimutaya. Mmene ndichitire zonse ziwiri sindikudziwa. Chimodzi chokha ndikulonjezani: ndikamukhazika mdzukulu wanu pamiyendo, ndikamuuza m'Chichewa, ndikabwereza m'Chingerezi, mpaka amve kuti sanalakwe kanthu.

Musandiiwale kumeneko. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Tiyamike