Nsomba za m'holo ya ku Geelhoutpark

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko muliko? Ine kuno ku Rustenburg ndilipo, kungoti mphepo ya Julaye ikulowa m'malata ngati palibe khoma.

Muli ndi mdzukulu, Amayi. Ndi wamkazi, ndipo ndinamutcha dzina lanu, Esinati. Akakwiya amakweza chikope chimodzi ngati inu nomwe. Bambo ake anawasamutsira ku mgodi wa mbali ya ku Brits, amabwera mwa apo ndi apo. Kumudzi achimwene a Yohane akuti nandolo sanachite bwino chaka chino, koma mango amene munadzala kuseri kwa khola ayamba kubereka.

Ndinapeza ganyu yosesa mu holo ina ku Geelhoutpark. Mwezi watha kunabwera mayi wina waluso wochokera ku Cape Town ndi mabokosi odzaza lole. Anatseka mawindo onse ndi nsalu zakuda, naika makompyuta ndi makina oonetsera kanema kudenga. Atayatsa, pansi ponse panasanduka nyanja yamchere ija sitinaionepo. Nsomba zachikasu, zamizeremizere, zinkasambira pasimenti pomwe ndimakolopa. Munthu ukaponda mwamphamvu kapena kusokosa, zinkathawa. Anthu akachuluka n'kumathamangathamanga, madzi ankada ngati mwatayikira mafuta, miyala yamoyo ya pansi pake n'kuyera ngati mafupa. Koma ukaima phee, madzi ankayera, nsomba n'kubwerera kudzazungulira mapazi ako. Ndinakumbukira mawu anu aja posankha mpunga, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuno ndimatha sabata osayankhula Chichewa ndi munthu wamkulu. Mu takisi ndimatseka pakamwa kuopa kuti angadziwe kuti ndine wobwera. Ndiye anthu akatuluka, ndinkaima pakati pa holo, tsache m'manja, kudikira nsombazo. Musandiseke, Amayi. Zinali zokhazo zobwera kwa ine zokha.

Ku Freedom Park komwe ndimakhala kunali bambo ena achikulire, a Namaona a ku Thyolo. Anabwera ku Joni ali mnyamata, moyo wawo wonse unathera pansi pa mgodi, ndipo anatulukamo ndi chifuwa chosapola. Ndiwo ankandigwirira Esinati ndikamachapa. Nditawauza za nyanja ya m'holo, anaseka.

"Mwanawe, nyanja ku Rustenburg? Tiye ndikaone bodza lakolo."

Tinapita Loweruka. Anavula chipewa pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi. Koma nsomba zikangoyandikira, chifuwa chinkawagwira, zonse balala. Anayesanso, zomwezo. Ndinawaona akuchita manyazi.

"Zikundikana," anatero.

Ndinawagwira mkono, ndinati tsamirani pa ine. Anatseka pakamwa ndi chipewa chija kuti asatsokomole, mpaka kansomba kamodzi kanafika pa nsapato yawo, kenako gulu lonse. Misozi inkangotsika.

Kenako m'zokuzira mawu munamveka kubuula kwakutali. Iwo anadzidzimuka, akuti ndi momwe thanthwe limalirira pansi likafuna kugwa. Ndinawafotokozera zimene mayi uja anandiuza: ameneyo ndi namgumi, chinsomba chachikulu, akuitana mwana wake. Mawu ake amayenda mtunda wautali m'madzi, koma masiku ano phokoso la sitima za pamadzi limawaphimba.

"Nanga akapanda kumvana?" anafunsa.

Amayi, ndinangoganiza za uthenga wa maliro anu, umene unandipeza mutaikidwa kale.

Pobwerera, mu takisi muja, anayamba kunditchulira mayina a kwawo mokweza, osaopa aliyense: mudzi wawo, mtsinje umene ankasamba, mlongo wawo Abiti amene anamusiya akuyamwitsa. Anati sadziwa ngati alipo.

Chionetsero chija chinapakiridwa n'kupita. Patangopita masabata ochepa, a Namaona anamwalira kuchipatala. Tinawaika konkuno, m'dothi lofiira la eni ake. Tinalipo anthu osadzaza ngakhale benchi imodzi. M'busa atafunsa ngati pali wachibale woti ayankhule, onse anayang'ana pansi. Ndinaimirira ine, mwana kumsana, n'kutchula mudzi wawo, mtsinje wawo ndi dzina la mlongo wawo, kuti dothi lija lidziwe amene lalandira.

Munkati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndaona mame amene anachedwa mpaka kuiwalika, ndipo ndachita mantha.

Choncho mverani, Amayi. Mvula ikamayamba ndikwera basi, kaya bambo a Esinati avomera kaya akana. Ndidzalima pamanda panu ndi manja anga, ndidzakhazika mwanayu pambali panu kuti mumuone. Ndikatero ndidzapita ku Thyolo kukafunafuna Abiti. Ine sindichona.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Feliya