Kalata m'thumba mwa atate

Lolemba, 14 Ogasiti 1995

Ndafika kwathu ku Zingalume kudzapuma holide, koma mtima suli m'malo. Kalata ili m'chikwama: akufuna ndikhale wachiwiri kwa mkulu wa koleji yathu ya aphunzitsi. Yankho lifike mwezi usanathe. Ine Lonia, kulamula aManase Phiri, amene anandiphunzitsa kugwira choko! Zaka 22 ali pakolejipo, awadumpha n'kutola ine. Ndisaname, ndikuopa.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Ndinalakwa kuuza azakhali aKeziya. Akuti ndigule magalasi ngakhale maso ali bwinobwino, ndinenepeko, "bwana woonda anthu samumvera." Chonsecho iwo ngakhale mbuzi zawo siziwamvera, zimagona m'khitchini.

Koma katswiri ndi atate. Anali mesenjala pakoleji pomwepo zaka 27, ndiye akuti analera mabwana asanu. Tikutong'ola chimanga anayamba lekicha, ine wamadigiri ndili phee. Nyemba za ophunzira uzilawa wekha. Wotchetcha udzu uzimudziwa dzina. Pamsonkhano uzilankhula pomaliza, enawo atatopa. Munthu wamkulu osamuitana ndi kapepala. "Ndinkanyamula ndine timapepalato, nkhope zawo ndinkaziona."

Ndinafunsa za aPhiri. Anangoti mutu ukakula sulewa nkhonya, n'kutola chisononkho china. Kuthandiza kwake kumeneko!

Lachitatu, 16 Ogasiti

Atate ayamba kundipatsa moni ataima njo ngati msilikali. "Mwauka bwanji, abwana?" Ndikawayang'ana moipa akuti akungondizoloweza.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Ndakana. Ndalemba kalata ya zifukwa zitatu, zonse zabodza, m'Chingerezi chokoma zedi. Choona sichilembeka: sindingathe kuona aPhiri akugogoda pa ofesi yanga, chipewa chili m'manja.

Atate amapita kuboma kukagula misomali, ndiye ndinawapatsa kalatayo akaponye ku positi. Analandira ndi manja awiri, osafunsa kanthu.

Ndimati mtima upepuka. Njinga itangozimiririka kumapeto kwa munda ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Kani ntchitoyo ndimaifuna. Laibulale yodontha ija, atsikana aja ochotsedwa sukulu popanda wowamvera, ndinali nditakonza kale zonse m'mutu. Wamantha ine.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Azakhali abwera ndi mkoko wa nthochi zondinenepetsera. Ndadya ziwiri, sindinawauze kuti ndakana.

Loweruka, 19 Ogasiti

Mmawa ndikusesa pabwalo, atate atulukira atavala jekete, aima njo, apisa m'thumba. Kalata yanga! Yomatabe, yangokwinyika pakona.

Ndinakwiya kaye. Munthu amene amadzitama kuti sanatayepo kalata!

"Sindinataye," anatero. "Kalata yolembedwa ndi mkwiyo kapena mantha imagona m'thumba mwa mesenjala masiku awiri. Mabwana asanu aja ankanditukwana kuti ndine wozengereza, kenako n'kundipempha mwakachetechete kuti ndiwabwezere."

Ndinafunsa ngati anawerenga.

"Chingerezi chako ine? Unandipatsa ukuyang'ana pansi, mwanawe."

Tsache lili m'manja, misozi ili mbwembwembwe, kuseka kukundigwiranso.

"Masiku awiri akwana, abwana. Ndipite nayo?"

Ndawauza adikire ndilembe ina. Anandiyang'anitsitsa nkhope kaye, ine osaphethira.

"Imeneyo siigona," anatero.

Ali panja akupopa njinga. Ine ndayamba kulemba.