Mwendo Wamanzere wa Achemwali

Lolemba, 3 Malichi

Kodi anakhazikitsa ndani lamulo loti gule azichapidwa asanaonetsedwe? M'labu muno palibe amene amafunsa. Munthu timamumata timipira tonyezimira m'mawondo, m'chiuno, m'mapewa. Amavina, makamera amajambula, pa kompyuta pamatuluka munthu wa timadontho. Kenako kuchapa: paliponse pamene thupi lanjenjemera kapena lachedwa, pulogalamu imawongola. Ine ndiye katswiri wake. Chaka chonse ndachapa anzanga osafunsa kanthu, bola ndimalize digiri yachiwiriyi, ndichoke.

Fayilo yomwe ndikhozere mayeso ndi ya Achemwali. Anandivinira chaka chatha atavala suti yothina yomatapo timipira tija, akundinena kuti ndawasandutsa soseji. Tinawaika m'manda mwezi watha. Lero ndiye ndaitsegula koyamba. Sindinamve kalikonse. Ndangoona kuti mausi yatha batire.

Lachiwiri, 4 Malichi

A Pulofesa aima kumbuyo kwanga, khofi m'manja. "Mwendo wamanzerewo ukutsalira. Konzani." Ndawauza kuti si vuto la kamera, mwiniwake ankatsimphina chigwereni panjinga ali mwana. Iwo ati: "Pepani kwambiri, mayi. Koma Lachisanu kukubwera a kampani ya makatuni, ndipo akufuna kulemba ntchito munthu mmodzi yekha. Akaona chidole chotsimphina adzati simudziwa ntchito."

Munthu mmodziyo ndine. Ndakhala ndikudziuza zimenezi chibwerereni kuno. Sindingakalambire m'holo yonunkha masokosi, kuwerengera ana a eni masitepe powaphunzitsa gule.

Kwa a Pulofesa ndati chabwino.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndadya. Ndasamba. Anthu akuti ndine wolimba mtima.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndachapa. Tiyi sanazizire n'komwe. Mwendo tsopano ukufika pa nthawi yake, chiuno sichikupendekera, phazi silikukhula pansi. Ntchito yooneka bwino kuposa zonse zomwe ndinagwirapo. Yosachapayo ndaikankhira m'foda ina.

Chingwe, mnzanga wa desiki yoyandikana amene amayenda ndi mawaya m'khosi, wasuzumira. "Aise, koma ndiye wawagulira mwendo wa m'shopu!" Kenako wakumbukira. Watuluka kukafuna waya amene anali m'manja mwake.

Masana Amayi aimba foni. "Mlamu wako akuti mkulu wako ali m'kompyuta." Ndati si iwo, ndi timadontho chabe, nkhope palibe, mawu palibe. "Ndinamubereka ndine. Mawa ndibwera." Ndati mawa kuli alendo ofunika. Ati nawonso akhala mlendo, adula.

Ndikanatha kuwaimbiranso. Ndangokhala ndikuyang'ana khoma.

Lachisanu, 7 Malichi

Amayi afika alendo asanabwere, atavala diresi ya kutchalitchi. Pakhomo avula nsapato osauzidwa. Ayang'ana makamera m'mwambamo n'kufunsa ngati onsewa akuwaona. Chingwe wati, "Ayi mayi, popanda timipira ndinu mphepo." Wawakokera mpando wa a Pulofesa. Akhala, chikwama pamiyendo.

Ndaika yochapa ija pa sikirini yaikulu, poti ndi yomwe inali yokonzeka kale. Aonerera mpaka kumapeto, osaphethira.

"Wavina bwino mwanayu," atero. "Ndi wa kwa yani?"

Kenako atembenukira kwa ine.

"Chabwino, taona. Tsopano ndiikire wanga."

M'khonde mwamveka a Pulofesa akuseka kuseka kuja amasungira alendo, ndi nsapato zambiri pambuyo pawo. Chingwe wayang'ana ine, wayang'ana chitseko. "Iwe, afikatu."

Ndatseka yochapayo. Ndatsegula yosachapa, ndakweza nyimbo, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a Amayi. Chitseko chatseguka. Sindinadzuke.