Blogu Yanga Ilowe M'nyumba Yaikulu

Chuanga,
19 Outubro 2024

Okondedwa achimwene Akbar,

Asalamu alaikum. Kuno tili bwino, Alhamdulillah. Mwendo wa amayi wasiya kutupa, ndipo usipa chaka chino waphedwa wambiri moti mathandala oyanikapo afika mpaka kumpanda wathu. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa inu pa foni mumandidula pakamwa ndisanafike n'pakati pomwe. Muwerenge mpaka kumapeto, ntchito yanu ili kumeneko.

Nkhani ndi ya pensau yathu, nyumba yogona alendo ija. Makwarto onse, zipinda za alendo zija, angokhala pululu. Ababa anena kuti feriyasi za Dezembro, nthawi ya tchuthi ija, zikadutsa chonchi, apereka nyumbayo kwa ogula usipa a ku Lichinga kuti azisungiramo matumba awo. Anthuwo anabwera kale kudzayeza zipinda ndi maso, wina mpaka anagogoda khoma la kwarto limene amayi anapakamo laimu ndi manja awo. Fungo la usipa likalowa m'matiresi, mukudziwa nokha, mlendo sadzagonamonso.

Mukukumbuka pamene munatipangira tsamba la pa intaneti? Munafuna kuti blogu yanga, nkhani zimene ndimalemba za kunyanja kuno, ikhale m'kati mwa tsamba la pensau. Ababa anakana. Anati mwana wamkazi wosakwatiwa sakhala pakhonde pofikira alendo, malo ake ndi kuseri kwa mpanda, ndipo pa intaneti zikhale chimodzimodzi. Ndiye munandimangira kanyumba kanga pambali, kamene inu mumati subudominiyo, sarifa.pensaumaua, kopanda nambala ya foni, kopanda njira yopita kumakwarto. Munadandaula pang'ono kuti Google mwina adzaziona ngati nyumba ziwiri. Ine ndinakusekani. Ndinali wokondwa kuona dzina langa pa adiresi, zinazo sindinazimve n'komwe.

Tsopano tamvani zimene zachitika. Munthu akalemba pa Google kuti Chuanga, kapena kufunsa za ulendo wa pa ngalawa wopita ku Msumba, nkhani zanga zimabwera pamwamba penipeni. Masamba ena a zoyendayenda amaloza kwa ine. Koma alembe kuti pogona ku Chuanga, tsamba la pensau muyenera kulisaka ngati singano mumchenga. Ndawerenga kuti ena amati subudominiyo ilibe vuto, n'chimodzimodzi. Kaya kwa iwo. Kwa ife ulemu wonse ukupita kuseri, kutsogolo kuli zii.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wa ku Beira, dzina lake Olga, ndi ana ake. Anafikira kwa a Timoteo, aneba athu aja a pensau yobiriwira. M'mawa anayenda m'mbali mwa nyanja akufunsa aliyense kuti Sarifa wolemba uja amakhala kuti. Ana anamulozera kwathu, ndipo anapeza ababa atakhala pakhonde akusoka ukonde.

"Bambo, ndikufuna Sarifa," anatero m'Chipwitikizi. "Ndabwera ku Chuanga chifukwa cha nkhani zake."

Ababa anamuyang'ana. "Ndi mwana wanga. Nanga mwagona kuti?"

"Apo, pa nyumba yobiriwira."

"Ife pano tili ndi makwarto."

"Ayi! Zoona? Koma pa tsamba lake sanalembe. Ndinafufuza pogona, panatuluka pa a Timoteo."

Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikutsuka mbale, ndimamva zonse. Mayi uja anawonjeza kuti kwa a Timoteo alendo ambiri amatchula blogu yomweyo. Achimwene, ndinapsa mtima mpaka ndinasiya mbale. Zaka zonsezi ndakhala ndikuitanira alendo kwa aneba! A Timoteo sanalakwe kanthu, anthu abwino, koma njinga yamoto ija agula ndi nkhani zanga.

Ababa anandiitana kuti ndidzapereke moni, chinthu chimene sanachitepo ndi mlendo. Mayi uja atapita, ababa anapita kumzikiti kukapemphera. Atabwera ku swala ya masana anandifunsa kuti, "Iwe, makina amenewa sadziwa kuti kuseri ndi kutsogolo ndi khomo limodzi?" Ndinati sadziwa mwambo wathu, akaona mpanda amayesa ndi mabanja awiri. Ndinawafotokozera kuti nkhanizo zikalowa m'tsamba lalikulu, wowerenga adzaona makwarto ndi nambala pomwepo, ndipo tsambalo likhoza kukwera.

Anavomera. Koma ndi mfundo imodzi. Pamene pali nambala ya foni ndi mabedi a alendo, dzina la mwana wawo wamkazi lisapezekepo. Nkhani zilowe, dzina litsale. Pansi pa nkhani iliyonse pazilembedwa kuti Pensau Maua basi. Amayi anayesa kulankhulapo, ababa anati anthu a kumzikiti adzati chiyani akaona dzina langa pafupi ndi mitengo ya makwarto. Ine sindinatsutse. Ndinayang'ana khoma la amayi lija, n'kunena kuti chabwino.

Choncho ntchito yanu ndi iyi. Samutsani nkhani zonse zipite ku pensaumaua, m'chigawo chotchedwa nkhani. Pa adiresi yakale iliyonse muike cholozera chokhazikika chija munanena, chotengera munthu ndi Google yemwe ku adiresi yatsopano, kuti zimene ndinasonkhanitsa zisatayike panjira. Musachite mwachidule ngati mmene munakonzera mpope uja. Ndikudziwa kuti tikasamutsa, tsamba likhoza kutsika kaye lisanakwere, n'chifukwa chake ndikuti muyambe sabata ino, Dezembro sali kutali. Pa nkhani ya ngalawa ya ku Msumba pali chithunzi changa nditavala mpango wofiirira. Chimenechonso muchotse, ababa asachite kukuuzani.

Musaimbire ababa kuti mukangane nawo, ndakupemphani. Ndikukudziwani pakamwa panu. Mukawaputa adzabweza mawu, ndipo ogula usipa aja adzalowa ndi matumba awo. Zikundiwawa, sindibisa. Koma ndidzapitiriza kulemba, ndipo alendo akabwera ndidzawamva ndili kuseri akukamba za nkhanizo.

Amayi akuti mudye, pa chithunzi chija mwaonda. Akutumizirani usipa wowuma ndi munthu wakubweretserani kalatayi. Mupereke moni kwa alamu anga a Mwamini ndi kwa kamwana, mukauze kuti azakhali ake amalemba nkhani, poti pa intaneti sikadzapezapo dzina langa. Musanamalize kusamutsa mundiuze tsiku lake, ndikufuna nditsegule adiresi yakale ija kamodzi isanatsekedwe.

Pano pokha ndilemba dzina lonse, poti kalatayi ndi ya m'nyumba.

Ine mlongo wanu,
Sarifa Mfaume Maua