Nyimbo Yanu Ikulira m'Minibasi

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Chipoka tilipo. Chaka chatha ndi miyezi iwiri chikuikireni m'manda, koma ndikamachokera kudoko ndimayambabe ndasuzumira pakhonde panu. Tamala wanu anachira mu Malichi, mwana wamkazi, mphuno yake yanu yomwe ija. Mpunga wa ku Chinguluwe chaka chino wachita bwino, ngakhale mbalame zinatidyera mbali ya kumunsi. Usipa ndiye ukuvuta. Mwera wakhala ukuwomba masabata atatu, mathandala oyanikapo nsomba angokhala opanda kanthu.

Koma chimene chanditengetsa cholembera si chimenechi. Ndakwiya, amayi, ndipo wandikwiyitsa ndi mwana wanu Yohane.

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi pa Khombedza, ndikuchokera kogulitsa nsomba. Dalaivala analumikiza foni yake ku wailesi ya m'galimoto. Ndinangomva munthu akutsokomola kawiri, kutsokomola kwanu kuja kumene munkayamba nako nyimbo iliyonse, kenako kunalowa ng'oma za pakompyuta. Beseni linatsala pang'ono kundigwa pamiyendo. Inali nyimbo ya chilangizo, imene munamuimbira Tamala m'chipinda kutatsala tsiku limodzi kuti akwatiwe. Azibambo a mpando wakumbuyo ankaseka mpaka kudzimenya ntchafu, wina n'kumati, "Bwerezani imeneyo adalaivala, gogoyu ndi dolo." Ine ndinatsikira panjira, tisanafike n'komwe pa boma.

Ndafufuza zonse. Tsiku la chilangizo lija mkazi wa Yohane analowa ndi foni m'chikwama, n'kujambula mawu anu. Mutatisiya, Yohane anapita nawo ku situdiyo ina pa boma, anawathira ng'oma, n'kuwaika pa intaneti. Izi inu simunkazitsata, ndiye ndikufotokozereni. Masiku ano munthu sadikira kuti a wailesi amuikire nyimbo. Amangogula bandulo, n'kudina dzina la nyimbo pafoni, iyo n'kuyamba kulira, kaya ali ku Joni, kaya ali m'bala. Yanu anaitcha "Gogo Wosabisa". Inu, amene munkathamangitsa ndi nkhuku zomwe pazenera musanayambe kulangiza mwana.

Ndinapita kwake, ndinamupeza akusoka ukonde. Anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu: "Asisi, mukufuna mawu a amayi awolere kumanda? Anthu ku Lilongwe akuikonda. Ine ndikusunga chikhalidwe." Chikhalidwe chake chiti, poti tsiku limenelo iye sanaloledwe ngakhale kuima pakhonde? Ndinamuuza kuti ndevu zokha ndi zimene zamupulumutsa, apo ayi ndikanamukoka khutu monga munkachitira inu.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi ichi. Ndinapempha mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mphunzitsi wodziwa za mafoni, kuti alembere kampani imene imasunga nyimbozo, iichotse. Anayankha msanga, mwaulemu ndithu, kuti wochotsa nyimbo ndi mwini wake yekha, ndipo m'makina mwawo mwini wake ndi Yohane. Mwini, amayi. Inu musanayambe kuimba munkati, "Nyimbo iyi mwini wake ndi amene wakhala pamphasayu, enanu mwangobwerekedwa." Mwini wake ndi Tamala, amene lero akuchita manyazi kupita ndi mwana kusikelo chifukwa amayi anzake amaing'ung'udza akamuona. Kampaniyo za mphasa sizidziwa, imangodziwa amene anadina.

Ndinakatenga achimwene anu, amalume aBinoni. Anamukhazika Yohane pansi, ndipo sanamusekerere. Wavomera kuti Loweruka likubwerali aichotsa, ine ndili pompo ndikuona.

Tsono ndikuululireni chimene amalume sindinawauze. Kuyambira tsiku la minibasi lija, nanenso ndakhala ndikugula bandulo. Masana ndimakakhala kuseri kwa mathandala, foni pakhutu. Nyimbo yonse sindiimvera ayi. Kumayambiriro kwenikweni, ng'oma zisanalowe, mumatsokomola kawiri, kenako mumanena chapansipansi kuti, "Esinati, tseka chitseko." M'minibasi muja sindinazimve chifukwa cha phokoso. Mukangonena ndimabweza, inu n'kunenanso. Chithunzi chanu tili nacho pakhoma, koma mawu anu palibe pena pamene anatsala. Ndiye onani mmene mwana wanuyu wandizunzira: ndikudana ndi chinthu chimene ndikuchifuna tsiku ndi tsiku.

Yohane anandiona tsiku lina, wochenjera uja. Dzulo anabwera n'kundinong'oneza kuti akhoza kundisungira mawuwo pa kakhadi ka m'foni, akhale anga ndekha. Ndinatsala pang'ono kuvomera, ndikuchita nazo manyazi kukuuzani. Kenako ndinakana. Foni imabedwa, foni imabwerekedwa, ndipo mkazi wake naye ankati akungodzisungira yekha. Loweruka zifufutidwa zonse, za pa intaneti ndi za m'mafoni awo awiri. Amene anakopera kale sindingawathamangire mmodzimmodzi, mlandu umenewo ausenze Yohane.

Chisomo wanga, mdzukulu wanu woyamba, akukwatiwa mu Seputembala. Nyimbo ija ndinaiphunzira pakamwa panu, osati pafoni, ndipo ndidzamuimbira ndekha. Aliyense wolowa m'chipindamo adzayamba waika foni yake m'lichero panja, mkazi wa Yohane woyambirira. Mawu anga ndi okhuthala, simunkabisa kundiuza, koma mwini nyimbo adzaimva.

Mwezi wonsewu mwakhala mukundituma, amayi, dziko lonse likumva, ine osanyamuka. Ndikhululukireni pochedwa. Loweruka ndikatseka chitsekocho.

Ndine mwana wanu amene sanasiye kukukondani,
Esinati